Kalata yotseguka: akatswiri a nyimbo si okometsera mwambo chabe

Kwa olemekezeka nduna zoona za maphunziro ndi chikhalidwe, akuluakulu a sukulu zaukachenjede, ndi inu oyang'anira nyumba zoulutsira mawu ndi zosungiramo mbiri,

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu. Ndikudziwa kuti patebulo panu pali nkhani zambiri zolemera, ndipo ya nyimbo imakonda kubwera kumapeto kwa msonkhano, anthu atatopa, ena atayamba kale kulongedza mapepala. N'chifukwa chake ndalembera poyera, kuti kalatayi ikalephera kufika m'manja mwanu, ifikebe m'makutu mwa anthu amene mumawatumikira.

Ndine mphunzitsi wa nyimbo, ndipo zaka zambiri ndazithera pofufuza ndi kujambula oimba okalamba. Chandidzutsa pampando ndi chizolowezi chimene chafala: ndalama zikachepa, nkhwangwa imayambira pa dipatimenti ya nyimbo. Katswiri akapuma pantchito, mpando wake umangokhala wopanda munthu mpaka onse n'kuiwala kuti unalipo. Chipinda cha matepi chimasanduka mosungira madesiki othyoka. Musaganize kuti ndi matenda a maiko osauka okha. Mu Novembala 2023 yunivesite ya Oxford Brookes ku England inalengeza kuti itseka maphunziro ake a nyimbo. Chifukwa chimene chimaperekedwa kulikonse n'chimodzimodzi: ophunzira achepa, phindu silikuoneka m'mabuku a ndalama.

Komatu tsiku lopereka madigiri likayandikira, kapena kukamabwera mlendo wolemekezeka, foni yathu ndiye imalira. "Aphunzitsi, bwerani ndi kwaya mudzatisangalatse pang'ono." Timabweradi, timaimba, mumaomba m'manja. M'mawa mwake mukakhala pansi kugamula za tsogolo la nyimbo zomwezo, chitseko chimatsekedwa ife tili panja. Kuimba pamwambo n'kokoma, sindikukana. Chimene ndikukana n'choti muziona ngati ntchito yathu imathera pomwepo. Wofufuza za nyimbo ndi munthu amene khutu lake lasulidwa kwa zaka zambiri kuti limve zimene ena zimangowadutsa, ndipo khutu lotere limafunika m'nkhokwe za mbiri, m'khothi, m'kalasi, ngakhalenso m'chipatala. Ndiloleni ndiyale madandaulo anga limodzi ndi limodzi.

Dandaulo loyamba ndi la nthawi, ndipo ndi limene limandisowetsa tulo. Msewu mukalephera kuumanga chaka chino umakudikirani mpaka chaka chamawa. Gogo amene watsala yekha wodziwa kuchuna choimbira chimene anzake onse anasiya, iyeyo sadikira bajeti. Akatsikira kulichete, kachunidweko kamapita naye. Ngakhale zimene zinajambulidwa kale sizili pabwino monga ambiri amaganizira. Tepi ndi lamba wopyapyala wopakidwa fumbi lachitsulo logwiridwa ndi guluu. Chinyezi chikalowa, guluuyo amalobodoka, tepi n'kuyamba kumata, ndipo mukaiika m'makina fumbilo limasupuka, mawu n'kupita nalo. Matepi ena akalekale akayamba kuwonongeka amanunkha ngati viniga, moti wodziwa akangotsegula chitseko, mphuno yokha imamuuza kuti zafika pati. Tepi yomata ikhoza kutsitsimuka mukaifunditsa pang'onopang'ono mu uvuni wapadera, koma imatsitsimuka kwa kanthawi chabe, ndiye muyenera kukopera msangamsanga.

Mu 2019 bungwe la UNESCO, mogwirizana ndi la IASA lomwe limaphatikiza nyumba zosungira mawu ndi makanema, linachenjeza kuti makina oseweretsa matepi anasiya kupangidwa, zipangizo zowakonzera zikutha, ndipo pofika cha m'ma 2025 ntchito yokopera matepi idzakhala itavuta kwambiri. Chaka chimenecho sichilinso patsogolo pathu. Kumbali ina kuli moto. Mu Juni 2008 unanyeketsa nkhokwe ya matepi oyambirira a oimba ambirimbiri ku Universal Studios ku California. Pa 2 Seputembala 2018 unapsereza nyumba yaikulu yosungiramo zakale ku Rio de Janeiro, momwe munalinso mawu ojambulidwa a zilankhulo za eni dziko la Brazil. Mu Epulo 2021 unalowa mu laibulale ya Jagger ku yunivesite ya Cape Town. Chakudza sichiimba ng'oma. Ine ndinalowapo m'chipinda china, sinditchula kuti n'kuti, n'kupeza makatoni a matepi ali pansi pa denga lodontha, zolembedwa pazikuto zitadyedwa ndi nkhungu. Wogwira ntchito kumeneko anandiuza mosabisa kuti chiyambire iye ntchito, palibe amene anafunsapo za makatoniwo.

Wina anena kuti vuto ndi laling'ono, tilembe ntchito mnyamata wodziwa kompyuta akopere zonse. Mnyamatayo akufunikadi, koma payekha angokupatsani mafayilo masauzande opanda maina. Ndani akuimba? M'chilankhulo chanji? Ndi nyimbo ya maliro, ya ntchito, kapena yonyoza mfumu mochenjera? Kodi mawu akumveka okwera chifukwa woimbayo ankaimba choncho, kapena mabatire a makina ojambulira anali atafooka tsikulo, tepi n'kumayenda mochedwa? Funso lomalizali lingaoneke lachibwana, koma mukalilakwitsa, dziko lonse liphunzira kachunidwe kabodza n'kumakatcha ka makolo. Hugh Tracey, amene anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, ankayenda ndi mulu wa timafoloko tachitsulo toyezera kukwera kwa mawu, kuti alembe ndendende mmene choimbira chilichonse chinachunidwira. Anatulutsa mbale zoposa 200 pamndandanda wa Sound of Africa, ndipo nkhokwe yakeyo inasamukira ku yunivesite ya Rhodes ku South Africa mu 1978.

Phindu la kusamala kotere limaoneka patapita zaka. Mu 1950 Tracey anajambula pakati pa Akipsigis ku Kenya nyimbo zotchedwa Chemirocha. Ofufuza anafotokoza kuti dzinali ndi la Jimmie Rodgers, woimba wa ku America amene mbale zake zinafika kumeneko, anthu n'kumuumba mwatsopano m'chilankhulo chawo. Mu 2014 mawuwo anabwezedwa kumene anachokera, ndipo zidzukulu zinamva mmene makolo awo ankaimbira. N'chimodzimodzi ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, amene anakumana ndi oimba a ku Malawi Daniel ndi Donald Kachamba mu 1967 n'kuwajambula pakanema. Daniel anamwalira mu 1987, koma woimba gitala wa lero angathebe kuona mmene zala zake zinkayendera pansambo. Popanda munthu amene anaona kuti anyamata oimba mumsewu ndi oyenera kuwaphunzira mozama, bwenzi lero tikungomva kuti kunali katswiri wina.

Dandaulo lachiwiri ndi la umwini. Mu 1939 Solomon Linda ndi gulu lake la Evening Birds anajambula nyimbo ya Mbube mu situdiyo ya Gallo ku Johannesburg. Mbaleyo inaoloka nyanja, woimba wa ku America Pete Seeger anamva mawu achizulu akuti uyimbube ngati Wimoweh, ndipo pofika 1961 nyimboyo inali itavala dzina latsopano la The Lion Sleeps Tonight. Mu 1994 inamveka m'kanema wa Disney wa The Lion King. Linda anali atamwalira kale mu 1962, ali wosauka. Mgwirizano woti banja lake lilandire malipiro unatheka mu 2006, patatha zaka 44 mwini wake ali m'manda. Mlanduwo anamenya ndi maloya, ndipo mtolankhani Rian Malan ndiye anauutsa ndi nkhani imene analemba mu 2000. Koma mbiri ya maimbidwe a isicathamiya (kuimba kwa makwaya a amuna achizulu), momwe Linda anali mzati, inali itafukulidwa kale ndi ofufuza ngati Veit Erlmann. Mwini nyimbo amabwezeredwa chake pokhapokha pali wina amene analemba kuti iyi inayambira apa, kwa uje, chaka chakuti.

Makhothi a maiko olemera amadziwa zimenezi. Mu 2015 khothi la ku Los Angeles linagamula kuti nyimbo ya Blurred Lines ya Robin Thicke ndi Pharrell Williams inatapa m'nyimbo ya Marvin Gaye ya mu 1977, ndipo chipukuta misozi chinakhazikika pa madola pafupifupi 5.3 miliyoni. Mu 2023 ku New York, Ed Sheeran anapambana mlandu wonga womwewo. M'milandu yonse iwiri, mbali iliyonse inaitana katswiri wake wa nyimbo kudzachitira umboni. Akatswiriwo anatsutsana, ndipo ine ndili m'gulu la amene amaona kuti chigamulo cha 2015 chinapyola malire. Koma mkanganowo unali wa anthu odziwa chimene akukangana. Pali mayendedwe a makodi (mawu angapo olizidwa pamodzi) ndi kagundidwe ka ng'oma zimene zili ngati chitsime cha onse, aliyense amatungapo, ndipo pali kamzere ka nyimbo kamene kali ndi mwini wake. Woweruza amadziwa malamulo, koma sanaphunzire kusiyanitsa ziwirizi ndi khutu. Kumene kulibe katswiri womuthandiza, amapambana ndi amene ali ndi loya wodula. Tsopano kwabweranso makina a AI amene amameza nyimbo mamiliyoni n'kulavula zatsopano. Woimba wamng'ono akamva mawu ake m'nyimbo yopangidwa ndi makina, adzathamangira kwa yani kuti amutsimikizire?

Dandaulo lachitatu ndi la ana asukulu. Phunziro la nyimbo limapezeka pa ndandanda ya maphunziro, koma nthawi yake imabedwa ndi masamu mayeso akayandikira, ndipo amaliphunzitsa ndi aliyense amene alibe kalasi ola limenelo. Choipa kwambiri ndi mawu amene mwana amauzidwa: "Iwe ulibe mawu, uzingotsegula pakamwa." Alipo akuluakulu ambiri amene sanaimbenso pagulu chiuzidwire mawu amenewa ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Wofufuza John Blacking anakhala pakati pa Avenda ku South Africa kuyambira 1956 mpaka 1958, akuphunzira nyimbo za ana, ndipo anabwerako ndi mfundo yoti luso la nyimbo ndi la munthu aliyense. Chimene chimasiyana ndi mwayi umene anthu amapatsana. Ku Hungary, Béla Bartók ndi Zoltán Kodály anayamba kuyenda m'midzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 atanyamula makina ojambulira, akutola nyimbo za alimi zimene anthu a m'tauni ankazinyoza. Kodály sanaziunjike m'kabati. Anamangapo njira yophunzitsira ana kuimba, kuyambira pa nyimbo za m'chilankhulo chimene anayamwa, ndipo mu 2016 UNESCO inaika njirayo pamndandanda wa zitsanzo zabwino zotetezera chikhalidwe. Ku Ghana, J. H. Kwabena Nketia, amene anamwalira mu 2019, anasonyeza kuti ng'oma za Aakan zili ndi malamulo ake ndi chilankhulo chake choti n'kuphunzitsidwa pa yunivesite mofanana ndi nyimbo za ku Ulaya. Silabasi yabwino sigwa kumwamba, imachokera kwa anthu ngati amenewa. Mukawachotsa, mwana aziloweza maina a oimba a kutali amene sanamvepo nyimbo zawo, pamene nyimbo imene amake anamugonetsera isakuwerengedwa ngati maphunziro.

Dandaulo lachinayi ndilifupikitsa. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa lipoti loona zolembedwa zoposa 900 pa ubale wa zaluso ndi umoyo, ndipo nyimbo zinali ndi gawo lalikulu, makamaka pothandiza odwala sitiroko ndi okalamba amene ayamba kuiwala. Gregory Barz anafufuza ku Uganda mmene magulu oimba ankafikitsira uthenga wa Edzi kumene zikwangwani zinkalephera. Koma akuluakulu a zaumoyo akafuna nyimbo ya kampeni, amangoitana wotchuka wa chaka chimenecho osafunsa kuti maimbidwe awa anthu amawamva ngati a chisangalalo kapena a chisoni. Nyimbo imathanso kupha. Khothi la UN la ku Arusha linazenga woimba Simon Bikindi pa za kuphedwa kwa anthu ku Rwanda mu 1994, ndipo mu 2008 linamupatsa zaka 15. Chimene anamangidwira ndi mawu amene analankhula pachimkuzamawu, komabe oweruza anathera nthawi yaitali akumva akatswiri akumasulira tanthauzo lobisika la nyimbo zake, n'kupeza kuti zinagwiritsidwa ntchito kukolezera chidani. Munthu wodziwa kumva zotere amafunika moto usanabuke.

Ndisaname kuti manja a akatswiri ndi oyera. Mbale ya Mbube ija anaipereka kwa Seeger ndi Alan Lomax, wotola nyimbo wotchuka. Ofufuza ambiri a nthawi ya atsamunda ankajambula n'kumapita, ena osalemba n'komwe maina a oimba, ndipo mawu a anthu akugona m'makabati a kutali komwe eni ake sangafike. Ifenso a lero timalemba m'chilankhulo chovuta, m'magazini amene amawerengedwa ndi anzathu khumi. Zonsezi n'zoona, ndipo zina mwa zopempha zanga zikutikhudza ifeyo. Koma mankhwala a kafukufuku wadyera ndi kafukufuku wachilungamo, wochitidwa ndi ana a eni nyimbo. Mukatseka dipatimenti, simunathetse kufufuza. Mwangotsimikiza kuti ofufuza azichokera kwina mpaka kalekale.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. Musatseke kapena kuphatikiza dipatimenti ya nyimbo musanawerengetsere poyera zonse zimene imachita kunja kwa kalasi: matepi amene ikusunga, aphunzitsi amene imasula, oimba amene imathandiza. Chiwerengero cha ophunzira chokha si sikelo yokwanira. Katswiri akapuma, mpando wake ulengezedwe chaka chomwecho.

2. Lamulani kuti nyumba iliyonse youlutsira mawu, yosungiramo zakale ndi yunivesite iwerenge matepi, makaseti ndi mbale zimene ili nazo, ndi kulemba mmene zilili. Kuwerenga sikufuna ndalama zambiri, kumafuna munthu ndi kope. Zimene zayamba kununkha ndi kumata zikoperedwe poyamba, ndipo fayilo iliyonse isungidwe malo osachepera awiri otalikirana, kuti moto kapena madzi zisamalize zonse usiku umodzi. Pagulu lokopera pakhale wodziwa makina ndi wodziwa nyimbo, onse awiri.

3. Ikani ndalama yapadera, ngakhale yochepa, yojambulira oimba okalamba chaka chilichonse. Woimbayo alipidwe, dzina lake lilembedwe, afotokozeredwe kumene mawu ake akupita, ndipo kope limodzi litsale m'manja mwa banja lake.

4. Pemphani maiko ndi mabungwe amene akusunga nyimbo za anthu anu kuti abweze makope. Ambiri ndi okonzeka. Chimene chimasowa ndi kalata yochokera ku ofesi yanu ndi malo abwino olandirira.

5. Makhothi ndi mabungwe oteteza umwini wa zaluso akhale ndi mndandanda wa akatswiri a nyimbo ovomerezeka, oti woimba wosauka angathe kuwafikira popanda kugulitsa gitala yake. Pokonza malamulo a AI, akatswiriwa aitanidwe lamulo lisanalembedwe, osati kudzaombera m'manja tsiku lolikhazikitsa.

6. Phunziro la nyimbo liphunzitsidwe ndi amene analiphunzira, ndipo silabasi iyambire pa nyimbo za m'zilankhulo za anawo isanapite kutali.

7. Pokweza katswiri pantchito, muziwerenganso zimene wachitira anthu: pulogalamu ya pawailesi, umboni wa m'khothi, buku la aphunzitsi a pulayimale, matepi amene wapulumutsa ndi kubwezera eni ake. Lero zonsezi sizimukweza ndi sitepe imodzi yomwe, ndiye musadabwe akamangolembera anzake khumi aja. Ndiponso woimba wokalamba amene sanapite kusukulu, koma akudziwa zimene pulofesa sadziwa, aloledwe kuphunzitsa pa yunivesite ndi malipiro oyenera, osati kungomupatsa ya basi.

Kwa inu owerenga amene mwaimva kalatayi m'mbali, ngati m'nyumba mwanu muli kaseti ya agogo kapena ya kwaya yakale, musaiike m'wailesi yoyamba imene mwapeza, ingathe kuitafuna. Isungeni pouma, kutali ndi dzuwa, lembani papepala zonse zimene mukukumbukira za oimbawo, ndipo funsani wodziwa.

Olemekezeka, ngati wina mwa inu akukayika zimene ndalembazi, sindikupempha msonkhano wa kuhotela. Ndikupempha ola limodzi. Funsani kiyi wa chipinda cha matepi cha pamalo amene mumayang'anira, mutsegule nokha chitseko, muime pakhomo n'kununkhiza. Mukamva viniga, mundiitane tsiku lomwelo. Ndibwera ndi kope ndi pensulo, tiyambe kuwerenga katoni yoyamba.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi ndi wofufuza za nyimbo